WODWALA CHIFUWA CHACHIKULU ALIBE MLANDU

Munthu akadwala malungo, anansi amadza kudzamzonda, namfunira mankhwala, ndipo palibe amene amafunsa kuti walakwanji. Akalumidwa ndi njoka, mudzi wonse umatola ndodo kukasaka njokayo m'tchire. Koma munthu akayamba kutsokomola kosaleka, thupi lake nkumanyentchera, usiku nkumatuluka thukuta lonyowetsa mphasa, anthu sathamangira mankhwala ayi; amayamba akhala pansi kumzenga mlandu. Akuluakulu amati, "Uwu ndi mdulo. Alipo wina m'nyumbamo amene sanasunge mwambo. Afunsidwe mkazi wake za mchere umene anathira m'ndiwo." Anyamata anyonga amati, "Magazi ake ngochepa ameneyu. Nthenda yotere simgwira mwamuna wakudya nakhuta." Ndipo amene anapitako ku sukulu, amene akadayenera kudziwa bwino koposa anzawo, amapukusa mitu nati, "Umbuli! Anthu awa samaliza mankhwala."

Oweruza atatuwa amatsutsana pa zinthu zambiri, koma pa chimodzi amamvana: wolakwa ndiye wodwalayo, kapena wina wa pa banja pake. Chiweruzo chimenechi nchokhota, ndipo kukhota kwake kumapha, pakuti masabata amene amathera pa kufunsana ndi kuchititsana manyazi ndiwo masabata amene nthenda imadya mapapo. M'chaka cha 2023 anthu pafupifupi 10,800,000 anadwala chifuwa chachikulu pa dziko lonse lapansi, ndipo pafupifupi 1,250,000 anafa nacho, monga linawerengera bungwe la WHO. Khamu lonselo silingakhale la oswa mwambo, ofooka ndi mbuli zokhazokha. Mwini mlandu weniweni alipo, koma saitanidwa ku bwalo chifukwa maso samuona.

Anayamba kumuonetsa poyera ndi dotolo wa ku Germany, Robert Koch, amene pa 24 March, 1882, anaimirira pamaso pa anzake ku Berlin, nawasonyeza ndi galasi lokuza zinthu kachirombo kooneka ngati kandodo. Nkakang'ono zedi: tizirombo 300 titandandalikana pamzere sitingafike utali wa njere imodzi ya mawere. Madotolo amakatcha Mycobacterium tuberculosis, ndipo m'dzina limeneli ndimo munachokera mawu akuti TB. Amene afuna kuweruza molungama ayenera ayambe wamva machenjera a kachirombo kameneka.

Mlendo wogona m'mimba mwa mlonda

Kachiromboka kamayenda ndi mpweya. Wodwala akatsokomola, akayetsemula, ngakhale akamalankhula kapena kuimba, timadontho tosaoneka timatuluka m'kamwa mwake ndi kuyandama m'nyumba maola angapo, makamaka m'nyumba yopanda mazenera. Sikayenda ndi mchere, ndipo sikafunsa kuti munthu anagona kuti dzulo. Amene wapuma mpweyawo ndiye amene kamlowa.

M'mapapo mwa munthu ali yense muli alonda amene madotolo amawatcha macrophage, dzina limene tanthauzo lake ndi "wakudya wamkulu". Ntchito yawo ndi kumeza chachilendo chiri chonse chimene chalowa ndi mpweya. Mlonda akameza kachirombo, amakakulunga m'kathumba m'kati mwa thupi lake, kenaka amabweretsa kathumba kena kodzala ndi madzi aukali, natsanulira madziwo m'kathumba koyambako, ndipo kachiromboko kamasungunuka. Tizirombo tambirimbiri timathera pomwepo tsiku ndi tsiku, mwini thupi osadziwa kanthu. Koma m'chaka cha 1971, ku London, akatswiri awiri, J. A. Armstrong ndi Philip D'Arcy Hart, anaona chodabwitsa. Mlonda akameza kachirombo ka TB kakufa kale, timatumba tiwiri tija tinkakumana monga mwa masiku onse. Koma akameza kamoyo, timatumbato sitinkakumana. Kachirombo kamoyo kamatseka khomo chakum'kati. Kamakhala phee m'mimba mwa amene anayenera kukapha, kamadya za momwemo, ndi kuswana momwemo.

Kali ndi zida zinanso. Chikopa chake nchokhuthala, chonga phula, kotero kuti madzi aukali ndi mankhwala ambiri sachibowola msanga. Sikafulumira: tizirombo tina ta m'matumbo timagawikana pa mphindi 20 ziri zonse, koma aka kamatha maola 15 kapena 20 kuti kakhale tiwiri. Tikachuluka m'mlondamo, timabowola kathumba kaja, mlonda amafa, ndipo alonda ena amene athamangira pa malirowo amameza tizirombo totayikato, nawonso nasanduka nyumba zake.

Thupi liri ndi gulu lachiwiri la asilikali, ophunzira koposa alonda aja, amene amasunga nkhope ya mdani ali yense amene anakumana naye. Ena mwa iwo ndi aja amene amawerengedwa ku chipatala poyeza CD4. Pa nthenda ya TB asilikali amenewa amafika mochedwa. Pamapita masabata 2 kufikira 8 chizindikiro chisanaoneke chakuti amdziwa mdaniyo. Akafika, kawirikawiri samatha kumupha yense, koma amamzinga ndi kummangira linga, monga makolo ankamangira malinga masiku a nkhondo, kusiyana kwake nkwakuti linga ili ndi lotsekera mdani m'kati. Mwa anthu 10 amene kachiromboka kawalowa, 9 sadzadwala konse moyo wawo wonse. Akatswiri amayerekeza kuti munthu mmodzi mwa anayi ali onse pa dziko lapansi kanamlowapo. Tsono pa bwalo pamene anthu akhala kuweruza wotsokomola, nkosatheka kuti pasakhale oweruza ena amene anapumapo mpweya womwewo.

Za amene amatama mphamvu zawo

Anyamata anyonga aja sanama pa zonse. Nzoonadi kuti njala imagumula linga, ndipo chimodzimodzinso HIV, nthenda ya shuga, fodya, uchidakwa ndi fumbi la miyala ya mu mgodi. Munthu wodya mokwanira ali ndi mwayi woposa wanjala. Koma akalumpha kuchoka pamenepo nanena kuti thupi lamphamvu palokha ligonjetsa TB, alakwa, ndipo umboni wowatsutsa uli m'kalata ya kachirombo komweko.

Chamoyo chiri chonse, kaya munthu, mbuzi, chimanga kapena kachirombo, chiri ndi kalata ya chibadwa chake m'kati mwake, imene akatswiri amaitcha DNA. Kalatayo inalembedwa ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zosanjidwa mosiyanasiyana, ndipo ndiyo imalamula mpangidwe ndi makhalidwe a chamoyocho. M'chaka cha 1998 Stewart Cole ndi anzake a ku Paris ndi ku Cambridge anatsiriza kuwerenga kalata yonse ya kachirombo ka TB, napeza zilembo zoposa 4,400,000. Kachirombo kakamagawikana kamakopera kalatayo, monga mwana wa sukulu akopera za pa bolodi, ndipo nthawi zina kamaphonya chilembo. Amene waphunzira kumene kuwerenga adziwa bwino lomwe ntchito ya chilembo chimodzi: "mbale" akasinthidwa chilembo chotsiriza asanduka "mbala". Tiana ta kachirombo kophonyako timalandira kalata yosinthikayo, ndipo umo ndi mmene mitundu yatsopano imabadwira.

Tizirombo tina timapulumukira pa kuphonya kumeneku. Ka chimfine kamasintha nkhope chaka ndi chaka, ndiye chifukwa chake katemera wake amapangidwanso chaka chiri chonse. Ka HIV kamasintha nkhope m'thupi la munthu mmodzi yemweyo, asilikali nkumangosaka mdani wa dzulo amene lero wavala zina. Kunali kwanzeru kuganiza kuti ka TB nako kamatero. Tsono m'chaka cha 2010 Iñaki Comas, Sébastien Gagneux ndi anzawo anawerenga makalata a tizirombo ta TB 21 tochokera ku mbali zosiyanasiyana za dziko, nayang'anitsitsa malo 491 amene asilikali a munthu amazindikirira kachiromboka, monga munthu azindikirira mnzake pa mphuno, pa mphini kapena pa chipsera. Chimene anapeza chinatembenuza maganizo a ambiri. Malo oposa 9 mwa 10 ali onse anali osasinthika konse. Nkhope ya kachirombo ka ku Asia, ka ku Ulaya ndi ka mu Afrika inali imodzimodzi. Mbali za kalata zolamula nkhopeyo zinali zosungika mofanana ndi mbali zimene kachiromboka sikangakhale ndi moyo popanda izo.

Mbala yanji imene imasamala kuti alonda asaiwale nkhope yake? Akatswiriwo anayankha kuti mwina ndi mbala imene imapindula ndi ndewuyo. Asilikali akamenya nkhondo yaukali pa linga lija, pakati pake pamafa, pamafewa ngati chambiko, ndipo tsiku lina zofewazo zimabowokera m'njira ya mpweya, nizisiya phanga m'papo. M'phangamo muli mpweya wambiri, tizirombo timaswana kufikira miyandamiyanda, ndipo munthu amatsokomola kuti achotse zomkanda pachifuwa. Kutsokomola kumeneko ndiko bwato la kachiromboka lowolokera kwa munthu wina. Kakadakhala kobisala kotheratu, kakadafera m'thupi limodzi pamodzi ndi mwini wake.

Umboni wina wagona pa anthu amene HIV inawathera asilikali. Anthu otere TB imawagwira msanga ndi kuwapha msanga, pakuti imafalikira thupi lonse popanda woiletsa. Koma mapanga m'mapapo mwawo sachuluka, ndipo makhololo awo kawirikawiri amakhala ndi tizirombo tochepa. Phanga lalikulu, lodzala tizirombo, limapezeka makamaka mwa munthu amene asilikali ake akali ndi mphamvu yomenya. Motero mnyamata wamatama uja, amene amalima ndime ziwiri dzuwa lisanakwere natsokomola pang'ono chabe madzulo, angakhale ndiye wofalitsa wamkulu m'mudzimo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa kafukufuku amene maiko ambiri a mu Afrika ndi ku Asia anachita poyeza anthu khomo ndi khomo, pafupifupi theka la amene anapezeka ndi TB m'makhololo anali asanadandaule za chifuwa konse.

Mafuko a kachirombo, ndi mlandu wa mkazi

Kunena kuti nkhope sisinthika sikunena kuti tizirombo tonse ta TB ntofanana. Kamasintha pang'onopang'ono, chilembo chimodzi pa zaka ziwiri kapena kuposerapo, koma kakhala ndi anthu zaka zikwi zambiri, ndipo kagawikana m'mafuko monga anthu agawikana kukhala a Banda, a Phiri ndi a Mwale. Mafuko anayi ndiwo ofala, ndipo akatswiri amawatchula ndi manambala. Fuko 1 ndi fuko 3 amapezeka kwambiri m'maiko ozungulira nyanja yamchere ya India, kuyambira ku India komweko kufikira ku gombe la kum'mawa kwa Afrika, kumene zombo zamalonda zinkayenda. Fuko 2 ndi la kum'mawa kwa Asia, ndipo nthambi yake yotchuka inapatsidwa dzina lakuti Beijing m'chaka cha 1995. Fuko 4 ndilo lafika ponseponse, ndipo kufala kwake kunatsata maulendo a Azungu. Alipo mafuko ena ang'onoang'ono a mu Afrika mokha, monga 5 ndi 6 a kumadzulo kwa Afrika, ndi 7 la ku Ethiopia.

Mafukowa sachita mofanana. M'chaka cha 2004 kunapezeka, poyesa pa mbewa, kuti tizirombo tina ta fuko 2 tiri ndi mafuta apadera pa chikopa amene amatseka alonda pakamwa kuti asaitane anzawo, ndipo mbewazo zinkafa msanga. Fuko 4 silipanga mafuta amenewo, chifukwa pamalo pena m'kalata yake panasowa zilembo 7 zokha. Komabe fuko 4 ndilo lafala koposa onse, kusonyeza kuti mbala imeneyi sidalira njira imodzi yolowera m'khola.

Nkhani imeneyi si ya kutali kokha. Ku Chilumba, m'boma la Karonga, kunayamba ntchito yofufuza matenda m'chaka cha 1979, poyamba pa nthenda ya khate, pambuyo pake pa TB. Ofufuzawo anasunga tizirombo ta m'makhololo a odwala a m'bomalo kuyambira 1995 kufikira 2010, ndipo m'chaka cha 2015 analengeza zimene anapeza atawerenga makalata a tizirombo ta odwala 1,687. Mafuko onse anayi anapezeka m'boma limodzi lomwelo. Pafupifupi odwala awiri mwa atatu anali ndi fuko 4, lotsatira linali fuko 1, kenaka fuko 3, ndipo fuko 2 linali mwa owerengeka. Fuko 2 ndi fuko 3 anaoneka kuti amalumphira kwa anthu ena mosavuta koposa, pamene fuko 1 linali lochedwa. Anthu awiri a mudzi umodzi, akudya nsima ya ufa umodzi, angadwale mosiyana ndi kupatsira anzawo mosiyana, kusiyanako kuli m'kachirombo.

Koma chimene akuluakulu a m'midzi ayenera kumva ndi ichi. Popeza kachiromboka kamasintha pang'onopang'ono chotero, kalata yake imakhala mboni yosanama. Ngati wina wapatsira mnzake, makalata a tizirombo tawo amafanana, kapena amasiyana zilembo zowerengeka chabe; ngati asiyana zilembo mazana, ndiye kuti sanapatsirane. Ofufuza a ku Karonga anafunsa odwala kuti atchule wachibale kapena mnansi amene anadwalapo TB iwo asanadwale, nayerekeza makalatawo. Nthawi zambiri tizirombo ta wodwala ndi ta munthu wotchulidwayo tinali tosiyana. Anawerengera kuti odwala osakwana mmodzi mwa 10 ndiwo anatenga nthendayo kwa munthu wapafupi amene ankamdziwa kuti akudwala. Enawo anaipuma kwina, kumene anthu amaunjikana, kwa munthu amene dzina lake sadzalidziwa.

Ngati ngakhale mbale amene ankatsokomoladi m'nyumba kawirikawiri sapezeka wolakwa, nanga mkazi amene sanatsokomolepo aimbidwa mlandu wanji? Malangizo a makolo onena za mdulo ndi tsempho anali ndi ntchito yake: ankasunga ukwati ndi kuteteza mwana wakhanda ndi mayi wake. Makolowo analibe galasi la Koch, ndipo palibe angawanyoze chifukwa chosaona chosaoneka. Koma wa lero amene galasilo liri pa chipatala cha kwawo, nasankhabe kuitanitsa ankhoswe m'malo mwa kabotolo ka makhololo, alibe chowiringula chimene makolo anali nacho. Amuna zikwizikwi a ku Nyasaland amene Wenela inkapita nawo ku migodi ya golide ya ku Johannesburg ankagona mothithikana m'makomboni ndi kupuma fumbi la miyala, ndipo ambiri ankabwera kwawo akutsokomola. Kodi mchere wa mkazi wotsala ku mudzi unawatsata bwanji kunsi kwa nthaka ya ku Joni? Munthu amene watsokomola masabata awiri afunika kuyezedwa makhololo, ndipo m'zipatala za Boma la Malawi kuyezako ndi mankhwala omwe nzaulere. Wodwala mmodzi wosalandira mankhwala angapatsire anthu 5 kufikira 15 pa chaka, ndiye kuti mwezi uli wonse wotayika pa milandu uli ndi mtengo wake.

Ku Karonga komweko kunaonekanso kuti munthu wochira angadwalenso, ndipo kalata imasonyeza ngati ndi kachirombo kakale kamene kadzuka, kapena kachilendo kamene kalowa kumene. Ena, makamaka amene anali ndi HIV, anadwala kachiwiri ndi kachirombo kena, kosiyana ndi koyamba. Munthu wotere akabwerera ku chipatala, pakamwa pa anthu pamafulumira kunena kuti sanamwe mankhwala bwino, chonsecho anamwa onse nachira.

Chipsera cha pa mkono

Ena amakwinya malaya, nasonyeza chipsera cha katemera, nati iwo ngotetezeka. Katemera ameneyu, BCG, anapangidwa ku France ndi Albert Calmette ndi Camille Guérin. Anatenga kachirombo ka TB ya ng'ombe, nakabzala pa mbatata yonyika m'ndulu ya ng'ombe, nakasamutsa nthawi 230 pa zaka 13 kufikira kanafooka, ndipo mwana woyamba anamlandira ku Paris m'chaka cha 1921. Patapita zaka zambiri kunadziwika kuti pa kusamutsasamutsako kanataya chidutswa cha kalata, chomwe chija chimene chimapanga chida chobowolera kathumba ka mlonda.

BCG amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa ya m'bongo ndi yofalikira thupi lonse, ndipo mayi womana mwana wake katemerayu amlakwira kwambiri. Koma pa chifuwa cha akulu mphamvu yake njosadalirika. Ku Britain, pa kuyesa kumene kunayamba m'chaka cha 1950, anateteza achinyamata pafupifupi 8 mwa 10. Ku Karonga, kumene anthu oposa 120,000 analowa m'kuyesa kwa katemera pakati pa 1986 ndi 1989, kunapezeka kuti kubaya BCG kachiwiri kunachepetsa khate ndi theka, koma TB ya m'mapapo sikunaichepetse. Chipsera chimanena kuti munthu anabayidwa ali mwana. Sichinena kuti chifuwa chake cha lero si TB.

Za mankhwala amene aleka kugwira

Otsala ndi ophunzira aja, ndipo mlandu wawo ndiwo wovuta, chifukwa theka lake nloona. Mankhwala a TB amamwedwa miyezi 6: miyezi iwiri yoyamba mitundu inayi, isoniazid, rifampicin, pyrazinamide ndi ethambutol, ndipo miyezi inayi yotsatira mitundu iwiri yoyambayo. Pakutha pa miyezi iwiri munthu amamva bwino, nsima imalowa, chifuwa chimaleka. Koma m'malinga muja mumatsala tizirombo togona, tosadya ndi tosaswana, timene mankhwala amatipha mochedwa. Woleka pamenepo wasiya mbewu m'nthaka. Ichi nchoona, ndipo chiyenera kunenedwa kwa wodwala ali yense mosabisa.

Chifukwa chake cha mitundu inayi chirinso m'kuphonya zilembo kuja. Isoniazid sapha payekha. Amayamba wadzutsidwa ndi chida china cha kachirombo komweko, ndipo chilembo chimodzi chikasinthika pa mbali ya kalata yotchedwa katG, chidacho chimaleka kudzutsa mankhwalawo. Rifampicin amagwira pamalo amodzi, ndipo chilembo chimodzi chikasinthika pa mbali yotchedwa rpoB, amasowa pogwira. Mwa tizirombo 1,000,000, pafupifupi kamodzi kamabadwa kosamva isoniazid. Mwa 100,000,000, pafupifupi kamodzi kosamva rifampicin. Koma phanga limodzi lingasunge tizirombo 100,000,000. Ndiye kuti tosamvato timakhalamo kale munthu asanameze piritsi ndi limodzi lomwe. Mankhwala amtundu umodzi amapha tonse nasiya tomweto, ndipo timatenga munda wonse. Izi zinaoneka pachiyambi pomwe: pa kuyesa streptomycin ku Britain, kumene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 1948, odwala ambiri anayamba kupeza bwino, koma patapita miyezi yochepa tizirombo tawo tinaleka kumva. Odwalawo anali m'chipatala, akubayidwa ndi anamwino tsiku ndi tsiku. Panalibe wothawa mankhwala. M'zaka za m'ma 1950 John Crofton wa ku Edinburgh anasonyeza kuti mitundu itatu yoperekedwa pamodzi imachiritsa pafupifupi onse, pakuti kosamva uwu kamaphedwa ndi uwo.

Theka labodza la mlanduwo ndi lakuti ali yense wopezeka ndi TB yosamva mankhwala anadzipangira yekha. Ku Tugela Ferry, m'chigawo cha KwaZulu-Natal ku South Africa, pakati pa 2005 ndi 2006 kunapezeka odwala 53 amene tizirombo tawo sitinkamva mankhwala oyamba ngakhale ambiri a achiwiri omwe. Anafa 52, ndipo theka la iwo linafa pasanapite masiku 16 chiperekere makhololo. Oposa theka la anthu amenewa anali asanalandirepo mankhwala a TB chibadwire. Akadathawa bwanji mankhwala amene sanawayambe? Anapuma kachirombo kosamva kale. Akatswiri atawerenga makalata a tizirombo ta m'chigawocho, analengeza m'chaka cha 2015 kuti kholo la kachirombo kameneka linayamba kusamva isoniazid cha m'ma 1957, patangopita zaka zochepa mankhwalawo atayamba kugwiritsidwa ntchito m'chaka cha 1952, ndipo linaonjeza kusamva kwina kumodzikumodzi pa zaka makumi anayi. Ambiri mwa amene anafa ku Tugela Ferry anali asanabadwe pamene chilembo choyamba chinasinthika.

Ndipo ngakhale amene analekadi mankhwala, afunsidwe asanatukwanidwe. Mapiritsiwa amawawa m'mimba yopanda kanthu. Chipatala chikakhala ulendo wa tsiku lathunthu, nthawi ya dzinja mitsinje itadzala, mlimi amasankha pakati pa mapiritsi ndi kupalira. Mwamuna amene wamva anzake akunyoza wotsokomola amabisa mankhwala ake, ndipo wobisa ndiye amaphonya masiku. Wophunzira amene amati "umbuli" pa msika ali ndi gawo lake pa mapiritsi osamwedwawo.

Kachiromboka kafika ponyenga ngakhale makina. Kuyambira 2010 zipatala zambiri zinalandira makina otchedwa GeneXpert, amene pa maola awiri amanena ngati m'makhololo muli TB, ndiponso ngati imamva rifampicin. Amatero powerenga kachidutswa ka zilembo 81 pa rpoB, pamene kusinthika kwambiri kumachitikira. Koma ku Eswatini, dziko limene pa nthawiyo linkatchedwa Swaziland, kafukufuku wa 2009 anasonyeza kuti mwa tizirombo 10 tosamva isoniazid ndi rifampicin, titatu tinali ndi chilembo chosinthika kunja kwa kachidutswako. Makina akayang'ana pamalo pamene anaphunzitsidwa, amapeza zonse ziri bwino, nauza dotolo kuti rifampicin agwira. Wodwala wotere angamwe piritsi liri lonse pa nthawi yake, pamaso pa mboni, miyezi yonse 6, osachira. Ndipo womuona akubwerera ku chipatala ali wowonda angalumbire kuti anataya mankhwala m'chimbudzi.

Njira zomuthandizira zinapezeka. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO linavomereza mankhwala akumwa a miyezi 6 a TB yosamva, m'malo mwa aja amene ankatenga chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, ena a iwo obaya amene ankagonthetsa anthu m'makutu. M'chaka cha 2023 linavomerezanso njira zowerengera mbali zambiri za kalata ya kachirombo kuchokera m'makhololo, zimene zimagwira ndi chilembo cha ku Eswatini chomwe. Zipangizo zotere zimafuna ndalama, magetsi osazimazima, njinga yamoto yotenga makhololo ku chipatala chaching'ono, ndi munthu wobweza yankho wodwala akali moyo. Ophunzira amene ali ndi mawu m'makomiti a zaumoyo, m'mipingo ndi pamaso pa aphungu akadafunsa kuti botolo la makhololo lochoka ku mudzi wawo limatha masiku angati kuti yankho lake libwere, ndi kuti wosachira pa mwezi wachisanu amatumizidwa kuti.